Tikamatsika Khwekhwerere, tiyeni tizipatukako

Ndicheze ndi anzanga oyenda pamsewu, makamaka amene timatsika phiri kuchokera ku Lilongwe ndi ku Dedza kupita kunyanja, komanso amene amachokera ku Balaka kulowera ku Salima.

Ambirife tikanyamuka ulendo wa ku Mangochi, ku Monkey Bay kapena ku Senga Bay, mtima umakhala utafika kale komwe tikupitako. Woyendetsa maso amakhala pa wotchi, okwera maso ali pa foni, ndipo chigwa chonse cha m'munsi mwa mapiri a Dedza timachidutsa ngati tikuthawa ngongole. Mukafunsa munthu chimene anaona pa Golomoti, amakuuzani za mphambano ndi ogulitsa malonda a pawindo basi. Za Mua amangodziwa chikwangwani. Mtakataka ndi dzina limene amalimva kondakitala akamaitanira. Chonsecho foni imene ili m'manjayo ili ndi kamera, ndipo ola limodzi lowonjezera pa ulendo silinaphepo munthu. Pempho langa ndi lakuti tizilola msewu kutipatutsa nthawi zina popanda kukonzekera, tiime, tipereke moni, tijambule. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Tiyambire pamwamba. Mukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu pa msewu wa M1, mumafika pa Masasa pomwe pali msewu wopatukira kumanzere wotsikira ku Golomoti. Ndiwo umene anthu amautcha Khwekhwerere. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita oposa 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Ndiye kuti pa kanthawi kochepa munthu amatsika phompho lakuya pafupifupi kilomita yathunthu. Mumanyamuka mutavala juzi, mukamafika pansi thukuta lili kamukamu. Mumasiya minda ya kachewere ndi kabichi, mumakapeza milambe, migwalangwa ndi mpunga. Makutu amatseka, mabuleki amanunkha, ndipo pa kona iliyonse dziko limasintha nkhope.

Pa msewu umenewu pali malo angapo pomwe chigwa chonse chimaonekera ngati chayalidwa pamphasa: midzi, mitsinje, mzere wa njanji, kenako madzi a nyanja ndi mapiri a kwa Nankumba kutsidya. Apa ndi pomwe munthu amayamba kuphunzira kuti chithunzi chimatengera dzuwa. Mukatsika m'mawa, dzuwa limakhala likukuwombani kumaso popeza mwayang'ana kuvuma, ndiye foni imangotulutsa zoyera mbee. Chigwacho chimajambulika bwino kuyambira cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa likapendekera kumsana kwanu. Nyengo nayonso ili ndi mawu ake. Mu Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, mpweya umakhala wochapidwa ndipo nyanja imaoneka yobiriwira kutali. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba zonse, nyanja osaonekanso. Koma miyezi yomweyo ndi imene dzuwa limalowa lofiira psuu ngati mbale ya mkuwa, moti mungaliyang'ane kumapeto kwenikweniko popanda kutsinzina.

Chenjezo limodzi lisanapitirire china chilichonse: musaime pa kona. Msewuwu ndi wokhotakhota, ndipo malole odzaza katundu amatsika movutika. Funani pamalo potambasuka pomwe galimoto yonse ingachoke pa phula, kokani handibuleki, ikani mwala kutayala. Palibe chithunzi choyenera kugulidwa ndi moyo wa munthu.

Mukaima chonchi ndi pomwe mumaona zimene liwiro limabisa. M'mbali mwa msewu womwewu muli amisiri osema tigalimoto, tinjinga, timathirakitala ndi tindege ta mitengo, tokhala ndi mawilo ozungulira ndi zitseko zotseguka. Munthu wodutsa pa liwiro amangoona timizere ta zidole. Munthu amene waima amaona manja a mmisiri, kampeni kothera mbali imodzi, tizipalapasiro ta mtengo tili mbwee pansi, ndi mwana amene akuphunzira ntchito pongoyang'ana. Chithunzi cha manja amenewo chimanena zambiri kuposa chithunzi cha phiri lonse. Ndipo ngati mwajambula ntchito ya munthu, ndi ulemu kugulako kenakake, ngakhale kakang'ono.

Pa Golomoti msewu wochokera kuphiri umakumana ndi wa M5, umene umachokera ku Balaka kulowera ku Salima ndi ku Nkhotakota. Opita ku Monkey Bay amapitirira chakuvuma. Apa ndi pomwe pali chiyeso chabwino. Mmalo mopitirira, khoterani kumanzere, mulowere chakumpoto. Simunakonzekere, inde, koma chimene mungataye ndi mafuta ochepa ndi nthawi ya chakudya chamasana.

Golomoti yemweyo ali ndi zinthu ziwiri zimene zimaoneka bwino zikakhala m'chithunzi chimodzi. Choyamba ndi njanji. Njanji imeneyi inafika ku Salima m'chaka cha 1935 kuchokera ku Blantyre, ndipo inadutsa m'chigwa chino kudzera pa Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Agogo athu ambiri anakwera sitima pa masiteshoni amenewa popita kukafuna ntchito kutali. Chachiwiri ndi munda wa magalasi otapa mphamvu ya dzuwa, umene unayamba kupereka magetsi m'chaka cha 2022. Umatulutsa mamegawati 20 ndipo uli ndi mabatire akuluakulu osungira magetsiwo. Dzuwa lomwe lija limene anthu a kuchigwa amadandaula nalo m'malimwe lero likuyatsa mababu m'matawuni. Kuona ngolo ya ng'ombe ikudutsa m'munsi mwa nsanamira za magetsi, mbuzi zikudya m'mbali mwa njanji, ndiko kuona zaka pafupifupi 90 za mbiri ya dera lino pa malo amodzi. Kungoti malo otchingidwa ndi mpanda ali ndi alonda ndi malamulo ake. Funsani musanaloze kamera, pajatu safunsa anadya phula.

Mukamayenda chakumpoto pa M5, mapiri amene munatsika aja amakhala kumanzere kwanu, ataima ngati khoma. Iwowa ndiye amakoma m'mawa, dzuwa likamawamenya kuchokera kunyanja, mikwasa ndi matanthwe ake zikuonekera chimodzichimodzi. Mitsinje yochokera m'mapirimu, monga Livulezi, Namikokwe, Nadzipokwe ndi Nadzipulu, imatsikira m'chigwa kupita kunyanja. M'chilimwe ina mwa iyo imasanduka misewu ya mchenga momwe amayi amakumba zitsime zosaya ndipo ana amaseweramo mpira. M'dzinja mitsinje yomweyo imadzaza mwadzidzidzi ndi madzi ofiira, nthawi zina kuchigwa kusanagwe ngakhale dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Mukajambula mlatho umodzi mu Okutobala n'kudzaujambulanso mu Febuluwale, anthu sangakhulupirire kuti ndi malo amodzi.

M'mbali mwa msewu mumakhala malonda a nyengo yake: masau, malambe, bwemba, mango, komanso mikeka, madengu ndi zipewa za mlaza. Tsiku lina ndinaima pa mthunzi wa mlambe pomwe mayi wina wachikulire ankagulitsa masau m'timabeseni. Nditagula, ndinati, "Mayi, mungandilole ndikujambuleni pamodzi ndi malonda anuwa?" Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Mwanawe, chithunzicho ukupita nacho kuti?" Ndinawafotokozera kuti n'chongosunga ine ndi ana anga, ndipo sindikachiika pa Facebook. Anati, "Ndiye dikira." Anadzuka, n'kukung'unta fumbi, n'kumanganso duku, n'kukonza chitenje, kenako anakhala mowongoka n'kunena kuti, "Tsopano jambula." Nditawaonetsa, anaitana anzawo kuti adzaone, ndipo tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha. Anandiuza kumene masau okoma amachokera, chaka chimene madzi anafika pa tsinde la mlambewo, ndi njira yachidule yopitira kumunda wa mpunga.

Funso la mayi aja ndi limene aliyense wonyamula kamera ayenera kukhala ndi yankho lake. Munthu wa kumudzi si mtengo kapena phiri. Ali ndi ufulu wokana, komanso ali ndi ufulu wokonza duku lake asanajambulidwe. Zithunzi zambiri za dziko lathu zimene zili pa intaneti zinajambulidwa pawindo la galimoto yothamanga, ndipo zimaonetsa anthu odzidzimuka, ana osasamba, amayi atasenza mitolo osadziwa kuti akujambulidwa. Ife eni dziko tisachite nawo zimenezo. Ana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo awo. Anthu osamba kumtsinje, odwala, ndi anamfedwa, asiyeni. Moni uyambe, kamera ibwere pambuyo.

Tikafika pa chikwangwani cha Mua, tipatukirenso kumanzere, kulowera kuphiri. Kamsewu kake ndi kakafupi. Mishoni ya Mua inatsegulidwa m'chaka cha 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri za Akatolika m'dziko muno. Nyumba zake za njerwa zofiira zili m'munsi mwenimweni mwa phiri, pamwamba pa mtsinje wa Nadzipokwe umene umatsika m'matanthwe. Pali chipatala, pali sukulu ya ana osamva, ndipo pali malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni, amene anayambitsidwa m'chaka cha 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe anapatsidwa mfunda wa Chisale. Kuyambira pamenepo amisiri ambiri osema aphunzira ntchito pa Mua, ndipo zosema zawo zili m'matchalitchi ndi m'nyumba zambiri kuno ndi kunja.

Pamalo pomwepo pali nyumba yosungiramo za makedzana ya Chamare. Dzinali ndi mmene anthu a kuno ankatchulira Bambo Champmartin, wansembe wakale wa pamishonipo. Makoma ake a kunja ndi ojambulidwa zithunzi za mbiri ya dziko lino, ndipo mkati mwake muli za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa kwa munthu, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. Muli chipinda cha nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulengeza m'chaka cha 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Alendo amachoka ku Germany ndi ku Japan kudzaona zimenezi, pamene ife timadutsa pa chikwangwani chake Khirisimasi iliyonse tikuthamangira kanyenya wa chambo.

Pa Mua ndi pomwe wojambula amaphunzira phunziro lina, loti pali zinthu zoyenera kuona ndi maso okha. Musanatulutse foni m'nyumba ya Chamare, funsani okuperekezani kuti ndi pati pololedwa ndipo ndi pati posaloledwa, ndipo chimene akuuzeni chitsateni. Kunja kuli zambiri zoti mujambule mpaka batire kutha: amisiri ali pa ntchito m'chisakasa, njerwa zakale, mitengo italiitali, madzi akusefukira m'miyala. Mukakhala chete pa mwala kwa kanthawi, mbalame ndi abuluzi amene anathawa mutafika amayamba kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za Gule Wamkulu ndiwonjezereko pang'ono, chifukwa m'midzi ya kuno mungathe kukumana ndi zilombo pamsewu penipeni zikupita kumaliro, kuchiliza kapena kukalonga ufumu. Mtima umafuna kujambula nthawi yomweyo, koma apa mpofunika nzeru. Chepetsani liwiro, patukani, zidutse. Ngati mukufuna chithunzi, lankhulani ndi akuluakulu amene akuziperekeza, ndipo akalola, musaiwale kusupa. Akakana, bwezerani foni m'thumba mopanda mkangano. Kudambwe ndiye si kopita munthu wongodutsa. Mwambo uli ndi eni ake, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Eni mudzi ndiwo amatsala ndi zimene mlendoyo wasokoneza.

Kuchoka pa Mua, mtunda wochepa chakumpoto, mumafika pa Mtakataka. Kuno ndi kulikulu kwa Inkosi Kachindamoto. Angoni a kuno ndi a Maseko, amene anatsika kuchokera kumapiri m'zaka za m'ma 1890 atasemphana ndi abale awo a kwa Gomani, n'kudzakhazikika m'chigwa pakati pa Achewa ndi Ayao. N'chifukwa chake m'dera limodzi lomweli mungamve ngoma ya Angoni, ng'oma za gule, ndi kuitana kwa mzikiti. Ufumu umenewu unamveka dziko lonse lapansi chifukwa cha Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Mukaona atsikana ovala yunifolomu ali mndandanda m'mbali mwa msewu m'mawa, mabuku ali m'manja, dziwani kuti pali nkhondo imene inamenyedwa kuti ena mwa iwo akhale pamenepo. Pa Mtakataka palinso malo a apolisi, ndipo malo oterowo sajambulidwa.

Kumunsi, cha kunyanja, kuli sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala pafupifupi 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatapa madzi mu mtsinje wa Namikokwe. Nthawi ya mpunga dera limeneli limakhala lobiriwira mpaka kumene maso amalekezera, akakowa oyera ali waliwali m'minda. Nthawi yokolola mumapeza mpunga utayanikidwa pa malona, amayi akupeta, njinga zitasenza matumba awiriawiri. Anthu ambiri akamva za Dedza amaganiza za chisanu, kachewere ndi mbiya. Sadziwa kuti boma lomweli lili ndi minda ya mpunga ndi gombe la nyanja lake. Timisewu ta fumbi tochoka pa M5 kulowera kuvuma timakafika kumadooko komwe asodzi amakokera mabwato ndi kuyanika usipa pa thandala. Palibe mahotela otchuka kumeneko, palibenso chikwangwani chokuitanani. Mumafika pofunsa, ndipo kufunsako ndiye theka la chisangalalo. M'dzinja funsaninso ngati msewu ukupitika, chifukwa dothi lakuda la kuchigwa likanyowa limagwira galimoto ngati ulimbo.

Wina anena kuti zimenezi ndi za anthu a galimoto zawo. Ayi ndithu. Wokwera minibasi angathe kutsika pa mphambano ya Mua, n'kukwera kabaza kapena kuyenda wapansi kukafika pamishoni, n'kubwerera pamsewu kudzakwera ina. Ndipo munthu wa pa kabaza amaona zambiri kuposa wa m'galimoto, chifukwa wopalasa njinga amadziwa dzina la mudzi uliwonse ndi nkhani yake. Sipafunikanso kamera yodula. Pukutani kagalasi ka foni ndi nsalu yofewa, popeza thukuta ndi fumbi ndizo zimachititsa zithunzi kuoneka ngati muli chifunga. Dzuwa likhale kumsana kapena chakumbali. Mmalo mokoka chithunzi ndi zala, sendererani pafupi ndi miyendo yanu. Masana dzuwa lili paliwombo, jambulani anthu pamthunzi. Mukajambula mlambe, pakhale munthu kapena njinga pambali kuti ukulu wake udziwike.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikulimbikira nkhani imeneyi ngati kuti ndi yaikulu? N'chifukwa chakuti malo amasintha, ndipo ife timakhala opanda umboni wa mmene analili. Tafunsani kunyumba kwanu ngati pali chithunzi cha msika wa kwanu cha zaka 30 zapitazo. Mabanja ambiri ali ndi zithunzi za ukwati ndi za pa situdiyo, munthu ataima pafupi ndi duwa la pulasitiki, koma cha mudzi weniweniwo, cha mtengo wa pabwalo, cha mlatho wakale, palibe. Zithunzi zakale za Mua ndi madera ozungulira zimene zilipo lero zinajambulidwa kwambiri ndi amishoni ndi alendo, chifukwa ndiwo anali ndi makamera. Lero kamera ili m'thumba la mphunzitsi, la wogulitsa tomato, la mwana wa sekondale. Tikapanda kujambula ife, zidzukulu zathu zidzaonanso dziko lawo kudzera m'maso a anthu ena.

Ndipo chigwa chino chikusintha tikuona. Mitengo ya m'nkhalango ya Mua-Livulezi ikutsika phiri m'matumba a makala. Madzi osefukira amasuntha mitsinje ndi kugumula magombe. Pamene panali tchire pamera magolosale, pamene panali udzu pafoleredwa malata. Zina mwa zosinthazi ndi zabwino, zina ndi zomvetsa chisoni, koma zonse n'zoyenera kusungidwa. Chithunzi cha phiri lokhala ndi mitengo chingadzathandize mfumu kapena mphunzitsi kuonetsa ana chimene chatayika, mwinanso kuwalimbikitsa kubzala ina.

Pomaliza, chithunzi chisathere mu foni. Mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, amadzaza n'kufufutidwa. Sankhani zisanu kapena khumi zabwino pa ulendo uliwonse, kazitsukitseni, ndipo kumbuyo kwake lembani malo, tsiku ndi chaka. Ngati munajambula munthu ndipo mukudziwa kuti mudzadutsanso, tsukitsani ziwiri, china mukamupatse mwini wake. Pa zonse zimene ndaona m'maulendo anga a m'chigwa chino, palibe chimene chimatsegula zitseko ngati kubwerera ndi chithunzi m'manja. Amene poyamba anali wogulitsa masau amasanduka mayi wako wa pamsewu, wokufunsa za ana ndi kukusungira nsima.

Tchuthi chikubwerachi, mukafika pa mphambano ya Golomoti, funsanani m'galimotomo ngati kulidi chokuthamangitsani. Ngati palibe wodwala kapena maliro okudikirani, yatsani indiketa ya kumanzere. Nyanja mukaipeza ili pomwepo madzulo.